Nkhoswe ya Kodurosi

Pa siteji ya Linthipe, bambo wina wachikulire anawerenga dzina pa mtanda wa pamanda umene mayi wina ananyamula.

"Pepani mayi. Kodurosi anali ndani wanu?"

"Mwana wanga. Anamutcha ndi agogo ake, anaphunzirako ku seminale. Akuti ndi dzina la woyera, nkhoswe yake kumwamba."

"Ameneyo si woyera, mayi. Anali mfumu ya Agiriki akale. Ataombeza, anamva kuti dziko lipulumuka pa nkhondo pokhapokha mfumu ikafa. Anavala nsanza ngati wotola nkhuni, nakaputa adani mpaka anamupha."

"Anali wobatizidwa?"

"Ayi, Yesu anali asanabadwe."

"Ndiye zaka zonsezi ndimapempha kwa wachikunja?"

"Zikuoneka choncho."

"Koma mwati anapita yekha, osatuma ana a eni?"

"Yekha."

"Basi, yemweyo ndiye andisungire mwana wanga."