Mazira ali ku Nsaru, ine ndili kuchipatala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Nsaru. Ndine mayi wa ana anayi, ntchito yanga ndi yoswetsa anapiye. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchitoyi inatsala pang'ono kundithera m'manja pamene amuna anga anali gone m'chipatala.

Ndili ndi makina ofungatira mazira m'kachipinda ka pamsika. Amayi a kumpingo kwathu amabweretsa mazira awo, pakatha masabata atatu n'kudzatenga anapiye. Magetsi akathima ndimathamanga kukaliza jenereta, chifukwa mazira akazizira ndiye kuti zatha.

Abambo akunyumba atadwala impso anatitumiza kuchipatala cha m'tauni, ine n'kukhala wowadikirira. Ndisananyamuke ndinaika kamera yoloza pa choyezera kutentha, ndinagulanso rauta yotsika mtengo, kabokosi kolumikiza kamerayo ku intaneti, wogulitsa atanditsimikizira kuti ndiziona makina anga pafoni kulikonse. Tinapangana ndi alamu anga a Nabanda, amene amakhalira kudimba, kuti ndikaona chovuta ndiziwaimbira akalize jenereta.

Koma kamera ija inkangozima pafoni popanda chifukwa. Kanayi konse ndinawathamangitsa alamu kuchoka kudimba, akafika n'kupeza magetsi ali bwinobwino. Kachisanu ndinachita manyazi, sindinaimbe. Tsiku limenelo ndiye magetsi anathimadi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mazira onse anafa.

Amayi aja sanandinyoze. Anasonkhanitsa mazira ena n'kukapereka kwa alamu, ndipo chifundo chawocho ndi chimene chinandiopsa kwambiri. Mtima unali m'mwamba tsiku lonse. Ndikamawamwetsa phala odwala, diso lina linali pafoni. Kubwerera ku Nsaru sindikanatha, kuwasiya amuna anga okha sindikanathanso. Ndinapemphera kuti, “Ambuye, ndili ndi thupi limodzi, ndigwireni dzanja.”

M'mawa wina ndikuchapa zovala za odwala, mayi wina amene ankadikirira bambo ake pabedi loyandikana nafe anandifunsa, “Kodi amayi, foniyo yakulakwirani chiyani?” Nditawafotokozera, anaseka pang'ono n'kunena kuti ntchito yawo ndi yolumikiza intaneti m'maofesi.

Anandiuza kuti rauta ili ngati mpanda. Kuti foni ya kutali ifike pa kamera, pamafunika khomo lake lotsegulidwa mwadala, ndipo rauta yanga inkaiwala khomolo magetsi akangophethira. Anati simu yake iyeneranso kukhala ya bizinesi, yokhala ndi adiresi yakeyake yosasinthasintha, ndiponso rauta ndi kamera zikhale pa batire kuti zisamazimire limodzi ndi magetsi.

Tinapita limodzi kusitolo masana omwewo kukagula rauta ina. Ine ndinkangoyang'ana ya nyanga zambiri, iwo ayi. Anauza wogulitsa kuti atsegule khomolo tikuona, kenako azimitse rauta ndi kuiyatsa katatu. Rauta yoyamba inaiwala khomo lija. Yachiwiri inakana simu. Ndinaganiza kuti tibwerera chimanjamanja. Yachitatu inagwira katatu konse, iwo n'kuti, “Mwaona eti? Tengani imeneyi.”

Loweruka mwana wanga wamkazi anatsala ndi bambo ake, ine ndi mayi wa intaneti uja tinakwera minibasi mpaka ku Nsaru. Anamanga zonse, anaika mawu achinsinsi kuti wina asalowerepo, ndipo anakana ngakhale nkhuku imene ndinawagwirira.

Nditabwerera kuchipatala, kutatsala masiku anayi kuti mazira aswe, cha m'ma 11 koloko m'mawa, ndinaona pafoni kutentha kukutsika. Nthawi yomweyo ndinaimbira alamu. Ndinawaona ndi maso anga akulowa m'kachipindamo, matope ali m'miyendo, ndipo ataliza jenereta nambala ya kutentha inayamba kukwera. Anapiye ataswa ndinaika foni pakhutu la amuna anga kuti amve kulira kwawo. Anamwetulira koyamba chigonekedwere.

Lero ali kunyumba, akuyenda ndi ndodo. Ndikuthokoza Mulungu amene anaika thandizo langa pabedi loyandikana nafe, kwa munthu amene nayenso anali ndi wodwala wake. Inu amene mtima uli pawiri lero, musaleke kupemphera, ndipo wina akakufunsani chakuvutani, musabise. Ambuye akudalitseni nonse.