Nkhope ya aMusaphethire

Malemu amene tikuwaperekeza lerowa anabadwa pa 19 Okutobala 1952, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo. Ambiri mwa inu dzina lawo lenileni mwalimva lero kwa abusa, poti m'tauni muno ana ndi akulu omwe ankangowatchula kuti aMusaphethire, chifukwa cha mawu amene ankanena asanadine kamera. Ndaona ena mukuyang'anayang'ana pabokosi, kudabwa kuti munthu amene anajambula theka la anthu mwakhala panonu alibe chithunzi cha nkhope yake. Sitinaiwale ayi. Banja landituma kuti ndifotokoze, ndiye mundilole ndiyambire poyambira.

Sukulu anayamba mu 1960 ndipo analekezera Fomu 2 mu 1970, bambo athu atamwalira. Masamu sankagwirizana nawo, izi sindibisa, koma dzanja linali labwino, moti aphunzitsi ankawatuma kujambula mapu pabolodi. Mu 1972 analembedwa ntchito mu situdiyo ya mkulu wina kuseri kwa siteshoni ya basi, ndipo kumeneko anaphunzira kutsuka zithunzi m'chipinda chamdima. Ankabwera kunyumba zala zili zachikasu, malaya akununkha mankhwala, mpaka mayi athu anawapatulira sopo wawowawo.

Pa 3 Seputembala 1977 anamanga banja ndi alamu anga akhala apowa. Abwana awo a ku situdiyo analonjeza kuti mphatso yawo ya ukwati ikhala zithunzi. Tinaima padzuwa kunja kwa tchalitchi, kusinthana mizere, uyu agwade, uyu ayandikire, mpaka ana anayamba kulira. Lolemba lake kunapezeka kuti mkuluyo tsiku lonse ankadina kamera yopanda filimu. Akulu anga zinawawawa kwambiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalolenso munthu wina kugwira kamera iwo ali kutsogolo kwake. Alamu mpaka lero amati ukwati wawo ulibe umboni, kupatula ana anayi amene Mulungu anawapatsa.

Mu 1979 anatsegula situdiyo yawo, kachipinda kamodzi pakati pa atelala ndi ogulitsa misomali. Munali katani yabuluu, galasi, chipeso chomangidwa ndi chingwe kuti chisayende, ndi kampando ka miyendo itatu kamene mwendo umodzi ankauchirikiza ndi katoni. Munalinso jekete limodzi lobwereketsa anthu ojambulitsa zithunzi zofunsira ntchito. Mabwana ena ndikuwaona panowa ntchito anaipeza atavala jekete limenelo, koma sinditchula munthu.

Chaka chomwecho mwana wawo woyamba anakwanitsa chaka chimodzi, ndipo mpamene unayambira mwambo wa m'nyumba mwawo. Mwana likafika tsiku lake lobadwa, ankasamba m'mamawa, kudzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, n'kukakhala pakampando paja asanapite kusukulu. Pakapita masiku atatu ankalandira envulopu, m'kati muli chithunzi ndi masokosi. Masokosi chaka ndi chaka, ngakhale mwanayo atapempha mpira. Kuseri kwa chithunzi ankalembako zaka za mwanayo ndi zimene bambo aona chaka chimenecho. Cha mwana woyamba china chimati: "Zaka 7. Mano awiri palibe. Mbale waswa zitatu." Cha mlongo wake, amene lero ndi mphunzitsi wolemekezeka, chimati: "Zaka 12. Wayamba kuyankha amayi ake. Tikumuona." Ana ankathamangira kuwerenga kuseri asanaone n'komwe nkhope zawo.

Mwambowo unakula n'kugwira ana athu, akamwini, apongozi ndi zidzukulu. Ngakhale mwana wawo woyendetsa magalimoto a maulendo ataliatali ankadziwa kuti mwezi wake usathe asanabwere, chifukwa malemu ankati munthu sanakule chaka ngati sanakhale pampando. Ineyo ndili ndi zithunzi makumi anayi, ndipo kuseri kwa chimodzi analemba kuti dazi layamba koma mwiniwake akukana.

Tsiku lawo lobadwa likafika, ana ankagula keke ndi chipewa. Chipewa anali kuchikonda, ndipo ankachiyesa pagalasi nthawi yaitali. Koma alamu akanena kuti lero khalani pampando inuyo, malemu ankayang'ana tonse mmodzimmodzi n'kunena kuti sakuonapo wa manja osanjenjemera. Mafoni atabwera tinati tsopano tawapeza. Tinkadzinamiza. Mdzukulu akangokweza foni, chipewa chinali chitafika kale kumaso. Tili ndi zithunzi zoposa makumi atatu za zipewa zosiyanasiyana, pansi pake pali thupi la akulu anga. Cha pachitupa chilipo, chofufutika, koma iwo ankati anawajambula ndi munthu amene anali nawo chifukwa, ndipo anatiuza kangapo, osaseka, kuti tisadzayerekeze kuchikulitsa. Ife tinkangoseka, poganiza kuti nthawi ilipo.

Mu 2014 anatseka situdiyo, anthu atayamba kudzijambula okha. Katani ndi kampando anabwera nazo kunyumba n'kuziika m'chipinda cha kuseri, ndipo masiku obadwa anapitirira monga kale.

Mu Malichi chaka chino anayamba kudandaula m'mimba, chakudya chikuwakana, thupi n'kuyamba kutha. Mu Meyi mwana wawo wotsiriza, mzime wawo wamkazi, anabereka mwana wamkazi. Atabwera naye kudzamuonetsa, anawagwadira bambo ake n'kuwapempha chinthu chimodzi: chithunzi chawo atanyamula khandalo, kuti likadzakula lidzadziwe nkhope ya agogo ake. Tonse tinkayembekeza yankho la manja onjenjemera lija. Malemu anayang'ana khandalo, kenako anavomera. Anati pa 19 Okutobala, tsiku lokwanitsa zaka 70, adzakhala pampando, ndipo wodina adzakhala mzimeyo. Chimene anapempha n'chakuti ayambe abwerera m'thupi, mdzukulu wawo asadzawadziwe ali mafupa okhaokha, ndiponso kuti tsikulo lisanafike munthu asawabere chithunzi. Mwanayo analonjeza.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ankamuphunzitsa. Anamuonetsa poima, kagwiridwe ka kamera, kuti kuwala kuzichokera kumanzere, ndiponso kuti adikire munthu atulutse mpweya asanadine. Ankamukalipira ngati wantchito, iye akuseka. Malaya oyera anagulidwa, kusitidwa, n'kupachikidwa kuseri kwa chitseko.

Pa 26 Seputembala matenda anakula ndipo anagonekedwa m'chipatala. Pa 6 Okutobala, nthawi yoona odwala masana, mzime uja anawapeza ali m'tulo. Dzuwa linkalowera pawindo la kumanzere, nkhope ili phee, chipewa palibe. Anatulutsa foni m'chikwama n'kuima pamene anamuphunzitsa kuima. Akuti anaima choncho nthawi yaitali. Kenako anaibweza m'chikwama, chifukwa anali atalonjeza, ndipo anadziuza kuti kwangotsala masiku khumi ndi atatu. Loweruka pa 8 Okutobala 2022, dzuwa likutuluka, akulu anga anatisiya.

Chichokereni Loweruka mwanayu sakudya, akuti wamumana mwana wake nkhope ya agogo. Mundikhululukire, ndipatuke pang'ono pa zimene zalembedwa apa. Mwana wanga, ndine bambo ako aang'ono, ndipo ndikunena pamaso pa anthu onsewa: sunalakwe. Kwa zaka makumi anayi ndi zisanu bambo ako sanakhulupirire munthu ndi nkhope yawo, ngakhale ine wobadwa nawo. Anakhulupirira iwe, ndipo iwe sunawabere ali m'tulo. Zikundiwawa inenso, koma usadziimbe mlandu.

Lamlungu ndi Lolemba tinatsitsa makatoni khumi ndi limodzi a zithunzi n'kuwakhuthula pabalaza. Tinapeza maukwati a anthu, makanda, matimu a mpira, ngakhale galu wa aneba. Iwo osaoneka. Pansi pa katoni yomaliza panali envulopu yolembedwa kuti "Zolakwika", ndipo m'menemo ndi mmene munali chithunzi chili pabokosichi. Ndi mzime yemweyu mu 1993, ali pakampando akulira, ndipo kuchokera chakumbali kwalowa mkono wovala wotchi, chala chikumupukuta misozi. Alamu atachiona anaulula kuti anadina ndi iwo mwakabisira, amuna awo atapita kukatonthoza mwana, koma anathamanga nazo, nkhope n'kutsala kunja. Akuti malemu anakhala masiku awiri osawayankhula. Komabe chithunzicho anachitsuka ndipo sanachitaye. Kuseri kwake analemba kuti: "Zaka 3. Analira. Dzanjalo ndi langa."

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu zisanu ndi zinayi, mlongo wawo mmodzi, ndi ine mng'ono wawo.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka pomaliza, abusa ndi akumpingo, aneba amene atsegula nyumba zawo kuti alendo apeze pogona, amayi amene aima pamoto masiku atatu, amene akumba manda, ndiponso atelala aja anali nawo khoma limodzi, amene abwera ndi ndodo yawo kuchokera kutali. Malaya oyera aja tawaveka lero, ndipo atelala omwewo ndi amene awabweza kuti awakwane.

Pomaliza tili ndi pempho. Munthuyu analowa m'nyumba zanu zambiri, pa maukwati, pa ubatizo, pa masiku obadwa a ana anu. Mukafika kwanu, tsegulani maalubamu ndi masutikesi, muyang'anitsitse m'mphepete mwa zithunzi, m'magalasi, pa mawindo, kumbuyo kwa anthu. Mwina mlendo wina anali ndi kamera yake tsiku limenelo, n'kuwakola osadziwa. Ngakhale itakhala theka la nkhope, ngakhale chitakhala chosaoneka bwino, bwerani nacho, tidzakubwezerani. Pali mwana wa miyezi isanu ali kumsana kwa mayi ake apoyo, amene tsiku lina adzatifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji.

Akulu anga, mwagwira ntchito yanu, ndipo tonse mwatisiyira nkhope zathu. Tsopano tsinzinani, palibe akuletseni. Mzimu wanu uuse mumtendere.