Mmawa umene nyanja inachoka

Zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu sunkagula ndi tomato yemwe pa msika wa Chilenje popanda kuonetsa khadi la chipani, ine ndinali kalaliki pa nyumba ina yosungiramo katundu ku Heavy Industrial Area, ndipo tayi ndinkavala ngakhale Loweruka. Usaseke iwe Naomi, bweretsa foni yakoyo ndione bwino. Ndiyo nyumba mwapeza kunyanja imeneyi? Ndi yokongola ndithu, khonde lalikulu, mitengo ya kokonati, mchenga mbee. Alemba kuti mphindi ziwiri wafika pamadzi? Mphindi ziwiri nthawi yanji? Pamenepo sanalembe. Khalani pansi nonse adzukulu anga, ndikuuzeni za ulendo umene mayi anu sanakuuzenipo.

Inu masiku ano nyanja mumaiona m'foni musanasambe n'kumaso komwe, koma ife tinkangoimva kutchalitchi, ya Mose ndi ya Yona, ndipo ine mwana wa ku Katete madzi aakulu amene ndinkawadziwa anali a Luangwa, nawonso owaonera pawindo la basi. Ndiye njanji ya ku Dar itangotsegulidwa, mnzanga wina wa kumeneko, a Saidi, amene ankatiombolera katundu padoko, anandilembera kalata kuti m'bale wawo ali ndi kanyumba kopumulirako m'mbali mwa nyanja kunja kwa tauni, kangokhala kopanda munthu, tipite ndi banja masiku atatu. Kalata ija ndinayenda nayo m'thumba mwezi wathunthu, ndipo aliyense amene ndinaima naye pa mzere wa shuga anaiwerenga, afune asafune.

M'nyumba tinalimo anayi: ine, malemu ambuya anu aakazi, mayi anu Tisa ali ndi zaka zisanu, ndi amayi anga, amene miyendo inali itatupa mpaka nsapato kukana. Azimayi ena a Ziyoni oyandikana nafe anawauza kuti madzi a nyanja yamchere amaphwetsa chotupa. Ife ndife Akatolika, koma ululu unali utawakwana. Anatsuka chigubu chachikasu cha saladi, mafuta ophikira aja, cha malita asanu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Mwanawe, usakanditungire a pachithaphwi ayi. Ukatunge pamene madzi ali moyo, pamene akugunda, ndipo ukathiremo kamchenga pang'ono kuti asakasowe kwawo m'njira."

Tinakwera basi mpaka Kapiri, kenako sitima masiku awiri, ndipo a Saidi anatifikitsa pa kanyumba kaja chakumasana, dzuwa litapendeka. Ana inu, nyanja inali pakhomo penipeni. Ukatsika masitepe atatu a pakhonde, kuyenda pang'ono, mapazi anyowa. Mabanja a m'tinyumba tina anali atayala mphasa pamchenga, ana akuthamangitsana ndi mafunde, ndipo Tisa analawa madzi n'kulavula, n'kulawanso. A Saidi pochoka anakamba zambiri, za mpopi, za udzudzu, za madzi, koma ine ndinkangoti inde inde, maso ali kutsogolo. Ambuya anu anati nditungiretu madzi a amayi aja. Ine ndinati, "Mawa. Nyanja sithawa."

Mmawa mwake chimene chinandidzutsa si phokoso ayi, koma kusowa kwa phokoso. Tinagona madzi akuwomba ngati mphepo ya m'chimanga, ndipo tinadzuka kuli zii. Ndinatsegula chitseko. Nyanja kunalibe. Pamene mwana ankasewera dzulo lake panali mchenga wonyowa, ndipo mchengawo unapita, unapita, mpaka kumene maso alekezera. Mabwato anali atagona chammbali pouma, zingwe zawo zili lende. Paliponse ndere zakuda, tinkhanu tikuthawira m'maenje, ndi fungo ngati la kapenta wovumbwa. Kutali kwambiri kunkaoneka kamzere koyera, kopyapyala ngati ulusi.

Ambuya anu anaima kumbuyo kwanga atagwira pakamwa. "Imwe atate a Tisa, tiyeni tiyambe tafunsako bantu. Vintu va so ine sinivikonda."

"Kufunsa chiyani? Luangwa ikaphwa mu Okutobala umakafunsa kwa ndani?"

Mwamva nzeru za kalaliki? Kwathu madzi akaphwa amadikira mvula, ndiye ine ndinawerenga kuti nyanja yapita mpaka Disembala, ndipo tatsala ndi masiku awiri, amayi akudikira ndi miyendo yawo ku Chilenje. Zithaphwi zinalipo zambiri pafupi, koma anandiletsa a pachithaphwi. Ndinapinda buluku, ndinatenga chigubu, ndipo Tisa anandikakamira mwendo. "Adadi, nifuna kuyenda na imwe." Ndinamutenga. Ndinafuna akakambe kusukulu kuti anayenda pansi pa nyanja ndi atate ake.

Tinayenda nthawi yaitali, mwina ngati kuchoka pano pa Chelstone kukafika ku Munali. Panjira tinakumana ndi azimayi a kumeneko, madengu pamutu, onse akubwerera kumtunda, ndipo akuyenda mofulumira. Anatikupizira manja, ine ndinawakupiziranso. Mmodzi wachikulire anasiya anzake, anabwera n'kugwira Tisa pamkono, akuloza kumtunda, akukamba Chiswahili chothamanga. Ine zinandinyansa. Ndinachotsa dzanja lake pa mwana wanga, ndinati zikomo mayi, n'kupitirira. Tayi ndinali nditaisiya m'nyumba, koma matama ndinapita nawo.

Chinandilimbitsa mtima n'chakuti kutsogolo, pafupi ndi kamzere koyera kaja, kunali kutaima mzimayi wina, atafunda zakuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi monga amavalira kumeneko. Ndinati ngati mzimayi waima uko yekha, ine mwamuna ndiope chiyani? Tinalunjika kwa iye. Koma tikuyenda, iye osasuntha, osawerama kutola kanthu ngati anzake, osatembenuka. Mbalame zonse zinali zitatsala m'mbuyo. Chimene chinkamveka ndi mapazi athu chabe, ndi chigubu chikugunda pa bondo langa.

Tisa anandikoka chala. "Adadi, ba mayi baja baniitana."

"Sakukuitana. Yenda."

"Baniitana. Bakamba ati Tisa."

Titafika, ndinaona bwino. Sanali munthu. Chinali chimtengo chozikidwa pa kachitunda ka miyala, chachitali ngati ine, chokulungidwa nsalu yakuda yothetheka ndi mchere, ndipo m'khosi mwake, ngati ndinganene kuti khosi, anamangamo zigoba za nkhono. Mphepo kunalibe, koma nsalu ija m'munsi inkagwedezeka. Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo. Ine ndinaona kuti madzi amoyo atsala mapazi makumi awiri chabe, ndiye ndinathamangira, ndinamiza chigubu, ndinathiramo kamchenga, ndinatseka, n'kutembenuka ndikumwetulira.

Kumbuyo kwathu kunali madzi.

Inu mumaganiza kuti nyanja imabwera kutsogolo, ndi mafunde, ikuchenjeza. Ayi. Inadzera m'mbali, m'makwawa amene tinadutsa ali ouma, mwakachetechete, ndipo inakumana kumbuyo kwathu. Kanyumba kathu kankaoneka ngati bokosi la machesi. Ndinanyamula mwana paphewa, ndinalowa m'khwawa loyamba, madzi m'chiuno, mapazi awiri ena madzi m'chifuwa, ndipo ankakoka miyendo ngati ali ndi manja. Kusambira sindidziwa, mpaka lero. Ndinabwerera ku chimtengo chija chifukwa ndi pokhapo panali pokwera.

Tinaima pamenepo, dzanja limodzi ndakumbatira nsalu yakuda ija, lina ndagwira miyendo ya mwana pamodzi ndi chigubu. Madzi anafika m'mawondo. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, koma kumtunda anthu ankaoneka ngati nyerere. Anafika m'chiuno. Anafika m'chifuwa, ndipo tsopano mafunde anayamba, lililonse likabwera limandinyamula mapazi n'kundibwezera pamiyala. Nditayang'ana pamwamba pa chimtengo ndinaona tinkhono tomera mpaka kunsonga, ndipo ndinadziwa kuti madzi amachimiza chonse.

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pandisowetsa mtendere zaka zonsezi. Ndinaona kuti zinyalala zonse, ndere, makoko a kokonati, zikuthamangira kumtunda. Ndinaganiza kuti ine ndikamira ndimira naye, koma chinthu choyandama chikafika. Ndinatsegula chigubu ndi mano, ndinataya madzi a amayi, ndinatseka zolimba, ndinavula lamba n'kumupisa pa chogwirira, n'kumanga mwana m'khwapa, chigubu chili pachifuwa pake. Iye anazindikira. Anandigwira tsitsi ndi manja onse awiri.

"Adadi, musanisiye."

Ndinamasula zala zake chimodzichimodzi. Zinali zazing'ono, koma zolimba. Ndinamukankhira kumtunda. Sanalire ayi, anangondiyang'ana, madzi akumutenga chafutambuyo, mpaka chinatsala ndi kadontho kachikasu, kenako osaonekanso.

Sindinamalize Tikuoneni Maria katatu. Ndinangomva mawu kumbuyo kwanga, ndipo linali bwato la asodzi, akubwerera kwawo ndi madzi odzala monga amachitira tsiku lililonse. Anandikoka ngati thumba la chimanga. M'bwatomo munali malo a anthu ena asanu. Ndikanangomugwira pang'ono chabe, tikanakwera tonse. Ndinalira ngati mwana, ndikuloza, ndikuti mwana, mwana, ndipo anandimva, anazungulira uku ndi uku, koma pamadzi panalibe kanthu.

Kumtunda ambuya anu anali ataima m'madzi mpaka m'mawondo. Sanakuwe. Anayang'ana manja anga, anayang'ana m'bwato, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Mwana mwamuika kuti?" Mudzi wonse unatuluka, mabanja a m'tinyumba tija nawonso, ena kumpoto ena kummwera, akuitana dzina limene anali atangoliphunzira kumene.

Dzuwa lili pamutu, mayi yemwe uja ndinamuchotsa dzanja anabwera akuthamanga. Anatitengera kutali, kumene kuli mitengo yomera m'madzi, malo amene asodzi anati madzi sakanamufikitsako. Tisa anali atakhala pamchenga wouma, miyendo atatambasula, ali phee. Chigubu chinali chitaimikidwa pambali pake, ndipo lamba wanga, amene ndinamanga mfundo ziwiri kumsana kwake, anali atakulungidwa bwinobwino pamwamba pa chigubucho. Azimayi aja analumbira kuti anamupeza choncho. Pamchenga panali mapazi a mwana okhaokha.

A Saidi atabwera madzulo anagwira mutu. Anati nyanja imachoka ndi kubwera kawiri tsiku lililonse, ndipo kumeneko ngakhale mwana woyamwa amadziwa, n'chifukwa chake sanaganize zobwereza kawiri. Za chimtengo chija anafunsa msodzi wina wokalamba, ndipo iye anati anachizika makolo awo pamalo pamene mzimayi wina anamira akufunafuna mwana wake, kuti munthu akafika pamenepo madzi atatembenuka adziwe kuti wachedwa. Nsalu amasintha ikatha. Titafunsa kuti amasintha ndani, anayang'ana kumbali.

Tisa sanakambe kanthu tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Madzulo nyanja inali pakhomo ngati sinachokepo, koma ine sindinayerekeze kutunganso, ndipo chigubu cha amayi chinabwerera chopanda kanthu. Tili m'sitima, titadutsa Nakonde, ambuya anu akumupesa tsitsi, anamufunsa mwakachetechete kuti anamumasula lamba ndani.

"Ba mayi baja ba vovala vakuda. Bananigwila kwanja, tayenda."

Kenako anatembenuka, anandiyang'ana monga anandiyang'anira pamadzi paja.

"Beve sibananisiye. Imwe munanisiya."

Ine za mizimu sindidziwa, adzukulu anga, ndipo abambo mfumu nditawafotokozera anangoti tithokoze Mulungu. Chimene ndidziwa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo mwana uja sanakwerenso paphewa panga. Tikamadutsa Cairo Road ankazungulira n'kukagwira dzanja la amayi ake. Wakula, waphunzira, nyumba ino wamanga ndi iye, chipinda wandipatsa chabwino, sanandiyankhepo mwano ngakhale kamodzi. Koma inu muli makanda, ndikati ndikunyamuleni, ankapeza chifukwa chokutengerani.

Ndiye pitani, kaoneni nyanja, ndi chinthu chokoma kuchiona ndipo sindikukuletsani. Koma mukafika, musanamasule n'zikwama zomwe, kapatseni moni anthu a pamalopo, muwafunse kuti madzi achoka nthawi yanji ndipo abwera nthawi yanji. Mayi wosavala nsapato akakugwirani pamkono, imani, ngakhale chinenero chake simukuchimva. Ndipo mayi anu akakana kutsika pakhonde, musawaseke, musawakoke, asiyeni akhale.

Kaya ndinachita bwino kaya ndinalakwa, ndaganiza mpaka imvi izi ndipo sindinapeze. Ndimafuna nditamuuza kuti dzanja lija ndinatsegula chifukwa chomukonda. Ndayesapo kangapo, tili awiri pakhonde pano. Ndikangoti, "Tisa mwanawe, tsiku lija kunyanja," iye amaimirira, amandikonzera kolala ya malaya, n'kundifunsa ngati ndamwa mankhwala.