Ngalawa ya Che Bwanali

Kalelo, msewu wa ku Malindi usanaone phula, ife ana a mayi tinalipo amuna atatu, ndipo tonse tinkakoka khoka la chilimira pa ngalawa ya amjomba athu, Che Bwanali, munthu amene usipa unkamukonda. Akulu anga Saidi anayamba ndi kugwira m'chiuno, kenako kukodza magazi, ndipo tsiku lina anatulutsa timiyala tiwiri tonga nthangala za mapira, akubuula ngati ng'ombe. Mng'ono wanga Ali anakula ndi miyendo yamatewe, ndipo anathyoka ntchafu pongodumpha m'ngalawa, mnyamata wopanda ndevu. Onse awiri anatupa nkhope ndi mapazi, ndipo tinawaika m'manda oyandikana.

Mukumva, inu ana a mbumba yanga? Masiku ano mumathamangira kukajambulitsa m'mimba, koma ife tinathamangira kwa sing'anga, ndipo iye anangonena zomwe mitima yathu inkafuna: mjomba wakhwimira ana a mlongo wake kuti azipha usipa. Nkhwangwa ndinanyamula ndine. Ndinawaza ngalawa ija anthu akuonerera, ndipo nkhalambayo inangoti, "Mwana wa mlongo wanga, uti udye chiyani mawa?" Anathawira ku Katuli, ndipo anafera komweko. Ku maliro sitinapiteko, ngakhale sadaka sitinawachitire.

Zaka zitapita, mwana wamwamuna wa chemwali anga anayamba zomwezo, Che Bwanali ali m'manda kalekale. Titapita naye ku chipatala, dokotala wina anatifunsa za abale athu mmodzimmodzi, ndipo anati matendawa ndi akumtundu: impso zimataya mchere womanga mafupa, mcherewo n'kuundana m'kati kukhala miyala, mafupa n'kufewa. Anati kwathu kuno amayenda ndi akazi, amene kawirikawiri savutika nawo, koma amagwira ena mwa ana awo aamuna. Ine anangondilumpha. Ndinatuluka m'chipinda chija, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero. Pepani sapoletsa chilonda, nanji wopepesedwayo atagona kale.

Tsono iwe Asiyatu, mwana wa chemwali anga, usayang'ane pansi. Ndamva kuti mwana wako Yusufu wakodza magazi, ndipo ndamvanso zonong'onezana za pa mjigo, zoti boti langa la injini likupha nsomba mopitirira. Sindikukwiya ayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mjomba wa mbumba ino lero ndine. Botilo mukafuna kuwaza kawazeni, nkhwangwa ili kuseri kwa khitchini. Koma muyambe mwapita naye Yusufu ku chipatala, mukawauze za Saidi ndi Ali, musabise dzina ndi limodzi lomwe, ndipo azimwa madzi ambiri. Ine ndinawaza ngalawa, koma manda sanaleke kukumbidwa.