Kandege Kanga Katagwera Kumanda

Ndiyambe ndathokoza Mulungu pondipatsa mpweya wa lero. Ndimakhala ku Nambuma, ndipo ndimakonda kupanga tindege ta makatoni touluka ndi limoti. Tsiku lina masana kandege kanga kanaleka kundimvera n'kukagwera m'nkhalango ya kumanda. Ndikuthamangira komweko, bambo ena achikulire amene ankapalira fodya anandiimitsa.

"Mwana wanga, kumanda salowako popanda maliro. Dikira, udzakatenga Loweruka."

Anali athanzi, akuseka. Loweruka lomwelo tinapita kukakumba manda a bambowo. Kandege ndinakapeza katatera bwinobwino, kosathyoka, pamalo penipeni pamene akuluakulu a m'mudzi anatilozera kuti tikumbe. Mpaka lero sindinakaulutsenso. Ndimangopempha Ambuye kuti atiphunzitse kuwerenga masiku athu.

Omvera anzanga, Iye akusungeni potuluka ndi polowa panu.