Apongozi Ananditayira Mankhwala M'chimbudzi

Ndikulemba kuchokera ku Zobuwe, mtima ukuwawa. Chibwerere kwathu kuno kuchokera ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndinkangokhalira kulira, mpaka achipatala ku Moatize anandipatsa mankhwala a matenda a nkhawa. Anandiuza kuti ndizimwabe ndili ndi pakati komanso poyamwitsa.

Mwana atayamba kuyenda, miyendo inali yamatewe. Apongozi anga anataya mapiritsi onse m'chimbudzi, amvekere: "Mwafewetsa mafupa a mdzukulu wanga, inu!" Amuna anga sanawaletse. Matenda anandibwerera, moti ndinkalephera ngakhale kumubereka kumsana mwanayo.

Dokotala atamupima anati matewe otere nthawi zambiri amawongoka okha, ndipo sangatsimikize kuti ndi mankhwala. Lero mwana akuthamanga, koma palibe wandipepesa. Amayi anzanga, munthu amene sanakupimeni asakusiyitseni mankhwala.