Chikanda cha ku Toronto

Ba Jackson Mulubwa, ogulitsa mafoni pa City Market mu Lusaka, ndi munthu woti ukawafunsa nthawi amakuuza ndi masekondi omwe. M'mawa umenewo ankalongedza chikwama cha ulendo wa ku China kunyumba kwawo ku Kabwata, mlamu wawo ba Rhodah n'kutulukira ndi kaphukusi ka chakudya m'manja.

"Bashi Anita, tengani. Ni chikanda cha mwana wanga Melanie. Ali na mimba, alilila chikanda pa foni."

Ba Jackson anachita tsinya. Dzina limenelo, lotanthauza bambo ake Anita, ankadana nalo. Mwana wawo Anita anakwatiwa ndi mwamuna amene iwo anamukana, ndipo zaka zitatu chikwatiwireni, iwo anali asanapondeko kwake ku Chelstone.

"Melanie ali ku Toronto, mulamu. Ine niyenda ku Guangzhou."

"Si kunja konse?"

"Na chimbuzi chili kunja! Nichisiye kwamene?"

"Mwano!"

Ba Jackson anatulutsa foni mwamatama, ngati hedimasitala. "Tamvelani, imwe amene simunapitililepo Kafue. Lusaka kufika Guangzhou, makilomita 10,000. Guangzhou kufika Toronto, 12,400."

"Nanga kuchoka pano kufika Toronto?"

"12,600."

Ba Rhodah anawomba m'manja. "Mwaona! Muzafendela pafupi!"

"Na 200 chabe! Monga pano na Kapiri!"

"Kapiri ni pafupi? Yendani na mendo tione."

Apa ba Jackson mutu unayamba kuwaphulika. Umbuli wina umapweteka kuposa dzino.

"Mulamu, ndeke siipita ku Toronto."

"Muuze kondakita museluke panjila."

"Ndeke ilibe kondakita!"

"Iye! Nanga mumagogodela ndani mukafika?"

"Palibe kugogoda! Pansi ni nyanja!"

"Mwamuna mukulu kuyopa manzi," anatero ba Rhodah, akupukusa mutu. "Mukulu wanga anakwatiwa na khasu chabe."

"Khasu ine? Ine niziba mutunda wa eyapoti iliyonse pa ziko! Funsani!"

"Dubai?"

"Pafupifupi 5,400."

"Johannesburg?"

"1,200. Ni pakhomo apo."

"Chelstone?"

"Chelstone ilibe eyapoti," anayankha monyodola. "Ili chabe pa njila ya ku eyapoti. Makilomita fifitini kapena kuchepela. Mwana angayende na njinga."

"Ooh. Pa njila. Na takisi yanu izapitila pamene apo?"

"Nanga izauluka?"

Ba Rhodah anatembenuza kaphukusi kaja pang'onopang'ono. Kunsi kwake kunali kapepala komata, ndipo dzina lolembedwapo silinali la Melanie. Ba Jackson manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Melanie wanga alibe mimba, ndipo chikanda amachizonda, sachidya," anatero mayiwo, akukankhira phukusilo m'chikwama pamwamba pa pasipoti. "Wamimba ni Anita, azachila mwezi uno. Toronto mwakana, namvela, ni patali. Manje niuzeni, ba katswiri ba makilomita: fifitini mu zaka zitatu, ndeke yanu iyenda sipidi bwanji?"